Laputopu ya amjomba ndi mwana wa mayina awiri

Kwa msuweni wanga Yusufu ku Joni kuli kamtsikana kamene kali ndi mayina awiri, lina la pa chiphaso, lina la m'kamwa mwa agogo ake. Kakadzakula n'kufunsa kuti zinatheka bwanji, abale onse adzaloza ine. Ndiye ndati ndilemberetu mbali yanga anthu asanathiremo mchere wawo.

Ine ku koleji ndinapitako, kukaphunzira za makompyuta. (Kumaliza ndi nkhani ina. Tinasiyana mwamtendere: koleji inatsala ndi satifiketi, ine ndinatenga mawu akuluakulu.) Nditabwerera ku Mangochi ndinafikira kwa amjomba, alongo awo a malemu mayi anga, amene amagulitsa usipa wouma kumsika. Iwowa ndi amene anandipatsa udindo wa Injiniya, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndi ulemu.

Yusufu, mwana wawo, anapita ku Joni kalekale n'kukwatira komweko. Anatumiza pa basi laputopu yakale ndi karauta, kabokosi kaja kogawa intaneti m'nyumba popanda waya, kuti bambo ake azimuona bwino akaimba. Amjomba maso anayamba kuchita chifunga. Pa foni amangoona chithunzithunzi, koma pa laputopu, akasendera pafupi, munthu amamuzindikira.

Laputopuyo inabwera ikuyenda ngati wakabaza wonyamula matumba a chimanga pachitunda. Ndinafufuta zonse n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene aliyense amaloledwa kuitsegula m'mimba n'kusintha chimene akufuna. Ufulu umenewu ndi wabwino kwa anthu ambiri. Ena timafunika kutiyang'anira.

Kenako ku Joni kunabadwa mwana wamkazi, mdzukulu woyamba. Kwathu mwana amametedwa ndi kupatsidwa dzina tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo wotchula dzinalo ndi agogo. Anagwirizana kuti kumeta kuchitike komweko, mbuzi iphedwe kuno kuli abale, dzina lidutse pa laputopu.

“Ine sinditchula dzina ndisanamuone mwana,” anatero amjomba. “Ndimayamba ndaona nkhope, dzina limabwera lokha. Injiniya, chinthu chako chili bwino?”

Ndinati chili bwino. Panthawiyo ndinkanena zoona.

M'mawa wa tsikulo, mbuzi ikusendedwa kuseri, ndinayatsa laputopu kuti ndingoyesa. Intaneti inaduka pang'ono, n'kubweranso. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti netiweki yathu ili ndi maulendo ake, imachoka osatsanzika n'kubwera osaodira. Koma ine ndinafuna wolakwa woti ndimugwire ndi manja. Pakona pa sikirini pamakhala kachizindikiro ka pulogalamu yoyang'anira netiweki, imene imasaka wayifayi, kusunga pasiwedi ndi kulumikiza. Ndinaiyang'ana, ndinaiweruza. Ndinali nditawerengapo kuti kuli ina yopepuka, yokondedwa ndi akatswiri.

Munthu wanzeru akanayamba waika yatsopanoyo, kenako n'kuchotsa yakale. Munthu wanzeru kwambiri akanapita kukathandiza kusenda anyezi. Ine ndinatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo (kamene ndimakonda kutsegula pakakhala anthu oonerera) n'kulamula kuti yakaleyo ichoke. Laputopu inandifunsa mwaulemu ngati ndatsimikiza. Ndinavomera ndi chala chimodzi.

Ndiye ndinalamula kuti yatsopano ibwere. Inayankha kuti singathe, chifukwa palibe intaneti.

Ndinatchera khutu, kumvetsera mbuzi imene inali itasiya kale kulira. Zimene ndinachitazo n'chimodzimodzi kuthamangitsa wakabaza yekhayo wa m'mudzi, kenako n'kumufuna kuti akakuitanire wakabaza wina.

Sindinataye mtima. Ngati za mumlengalenga zakanika, pali waya. Ndinakwera njinga yamoto mpaka ku boma, kwa mnzanga wa shopu yosindikiza mapepala, n'kubwereka waya wautali wabuluu. Ndinalowa nawo pakhomo nditaukoleka paphewa ngati ndikupita kukagwira ng'ombe. Mbali ina ku rauta, mbali ina ku laputopu. Kanyale kobiriwira kanaphethira, mtima wanga n'kuphethira nako. Palibe chinachitika. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira phunziro lina limene ndinalowa theka: pulogalamu ndinachotsayo ndi yomwenso inkalandira waya. Mlonda anali mmodzi, zipata ziwiri.

Foni yanga inkagwira intaneti bwinobwino, monyoza. Ndinakopera pulogalamu ija pa foni n'kuisamutsira mu laputopu. Inati siingakhale popanda inzake. Ndinakatenga inzakeyo, nayonso inati ili ndi akuluakulu ake oyenera kufika kaye. Zinali ngati kufunsira mbeta: ukapita kwa mjomba wake, akuti dikirani akulu anga ali ku Monkey Bay, ukafika ku Monkey Bay akuti angokwera boti.

Panthawiyi alendo anali atadzaza pakhonde, a shehe atakhala pamkeka, fungo la mpunga wa nyama likulowa m'chipinda kudzandiona. Anti Zainabu, akazi a amjomba, anasuzumira pakhomo atagwira chipande.

“Injiniya, mwanayu timuona lero, kapena tidikire adzabwere yekha ndi mapazi?”

“Zatsala pang'ono, anti.”

“Thukutalo likunena zina.”

Foni inalira. Anali Yusufu, atavala mkanjo woyera, mwana ali m'manja.

“Msuweni, laputopu bwanji sikuyankha? Wailodza?”

“Ndikuikonza.”

“Inafa?”

“Inali isanafe. Koma zizindikiro zinalipo.”

“Iwe ukanakhala dokotala, kumanda kukanafunika malo ena. Apatse foni ababa.”

Ndinatuluka nayo foniyo pakhonde pamaso pa anthu onse, waya wabuluu ukundikola mwendo. Amjomba anailandira n'kuiyandikitsa kumaso, kuitalikitsa, kuipendeketsa. Yusufu anati, “Baba, kuno tikuona mphuno yokha.” Anthu anaseka. Amjomba sanaseke, komanso sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunandipweteka. Munthu anadikira zaka zonsezi kuti aone mdzukulu, anagula mbuzi yonenepa, anachapitsa chisoti chake cha pa Idi.

Anandibwezera foni n'kugogoda pamkeka pambali pawo.

“Khala apa. Maso anga a lero wawononga ndiwe, ndiye undibwereke ako. Wafanana ndi ndani?”

Ndinayang'ana. Kamutu kongometedwa kumene, kansalu koyera. Kunena zoona makanda onse amaoneka ngati mbatata yophika, ndipo ndinatsala pang'ono kunena zimenezo. Koma kanakwinya nkhope, kachibwano n'kulowa m'kati mwanjira inayake, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana kumbali, kumene kunaima anti ndi chipande chawo.

“Wafanana ndi anti,” ndinatero.

Amjomba anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Basi. Ndi Zainabu.”

A shehe anawerenga duwa, pemphero lodalitsa mwana, azimayi anaimba nthungululu, ku Joni anawomba m'manja mochedwa pang'ono chifukwa cha netiweki. Anti anandiikira nyama yochuluka kuposa ya a shehe.

M'mawa mwake, pofuna kuchapa buluku, ndinapeza m'thumba falashi imene ndinaikira Linux poyamba paja. Falashi imeneyo ukaisomeka, laputopu imayaka kuchokera m'menemo, zonse zili m'malo mwake, ndi mlonda wa netiweki yemwe. Inapita nane ku boma, inabwera nane, inakhala nane pamkeka. (Anthu a makompyuta amene mukuwerenga, ndakumvani. Khalani chete.)

Tiyi asanazizire, Yusufu anali pa sikirini yaikulu. Anasendeza mwana pafupi. Amjomba anasendera mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

“Chibwano icho,” anatero motsitsa. “Ndi tsinya ilo, ngati wina wamuchepetsera shuga mu tiyi. Uyu ndi Halima.”

Halima ndi mayi anga.

“Iwe sunaone?”

“Foni ndi yaing'ono, amjomba.”

“Eya,” anatero. “Ndi yaing'ono.” Sanafunsenso.

Mpaka pano sindidziwa ngati sindinaone, kapena ndinaona n'kulephera kutchula dzinalo pakhonde podzaza anthu. Za pulogalamu ija ndikhoza kufotokoza mzere ndi mzere pamene ndinalakwitsa. Izi zokha sindinazipeze.

Dzina silikanasinthika. Mbuzi inali itadyedwa, duwa itawerengedwa, komanso panalibe munthu wolimba mtima woti akauze anti. Ndiye pa chiphaso ndi Zainabu, kwa agogo ake ndi Halima, ndipo akuti kamayankha onse awiri kakafuna.

Phunziro ndinalitola: yamba waika, kenako uchotse. Intaneti imadukabe monga kale, ndipo posachedwapa ndawerenga za pulogalamu ina imene akuti siidula n'komwe. Sindinaiyese, chifukwa laputopu masiku ano imakhala m'kabati, kiyi amjomba amapita nayo kumsika. Yusufu akaimba, amjomba amatsegula okha, amayatsa okha, kenako amaitana.

“Injiniya, bwera udzawaone mayi ako. Manja kumbuyo.”