Mbuzi ya Phunziro la Lachisanu

Lolemba
Ahedi akuti oyendera sukulu akubwera Lachisanu kuchokera ku boma, ndipo adzalowa m'kalasi mwanga. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndili kuno ku Sandwe, mkazi ndi ana ali ku Petauke. Lipoti likakoma, mwina kalata yanga yopempha kusamutsidwa aikuntha fumbi.

Phunziro: nyama ikamathamanga, tsinde la ubongo, kachigawo ka kunkhongo kaja, limalamula mtima kugunda msanga kuti magazi afike m'miyendo.

Zofunika: mbuzi yanga, chingwe, wotchi. Kuwerenga kugunda ili phee, kuithamangitsa, kuwerenganso. Basi! Labotale tilibe, koma mutu ndili nawo.

Lachiwiri
Mbuzi sikufuna kukhala phee. Ikangoona chingwe, mtima uli thi thi thi, isanasunthe n'komwe. Buku limanenadi kuti ubongo umadzutsa mtima liwiro lisanayambe. Chabwino, koma ine ndiyerekeza chiyani ndi chiyani? Mbuzi yopusa!

Lachitatu
Ndaimangirira pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi kuti izolowere malo. Ndikuipapasa m'nthiti kufuna mtima, akutulukira a Daka, apampando a komiti ya makolo.

"Yanona bwino iyi, aphunzitsi. Ni ya pa Chisanu?"

Ndikuti inde, n'kuwafotokozera za tsinde la ubongo mpaka kukhosi kuuma. Akugwedeza mutu, maso ali pa ntchafu za mbuzi. Kodi kuno kuli munthu wokonda sayansi chonchi?

Lachinayi
Yazolowera! Mtima ukugunda mwaulemu. Chatsala n'kuthamanga. Ndikukoka, iyo ikudya udzu. Ndikuleka, iyo ikundiguza bwalo lonse la mpira. Zawonongeka: bondo la buluku, galasi la wotchi, ulemu wanga.

Ahedi pakhomo la ofesi: "Nkhani ya mbuzi tamvela. Mwatichotsa manyazi, mailo pa Chisanu alendo azakondwela." Zaka zonsezi, lero ndiye andiyamikira. Ndanyada, sindibisa.

Lachisanu
Galimoto yafika. Ndikuthamangira pa mango. Chingwe chokha. Kuseri kwa ofesi chikopa chayanikidwa kale, amayi a komiti akutsuka matumbo.

Kani mbuzi yomangidwa pa mtengo umenewo sabata ya alendo ndi ndiwo ya alendo! Aliyense amadziwa. Inenso ndakhala ndikudya nawo chaka chilichonse, osafunsa kumene nyama imachokera.

Ndikujambula mbuzi pa bolodi. Kalasi yonse: "Ni galu, sa?" Ndaima chiimire, sindikuthamanga, koma mtima ukufuna kuboola malaya. Buku silinama. Oyendera akuyasamula, akununkhiza kuwindo.

Mtima wa mbuzi awapatsa iwo, monga alendo olemekezeka.

Loweruka
Ahedi andionetsa zimene oyendera asiya. Sukulu: yolandira bwino alendo. Ine: ndilibe zipangizo zophunzitsira, ndikufunika nthawi ina kuti ndikhwime. Chipangizocho ali nacho m'mimba! Ndapsa mtima, koma ndangoti zikomo.

Lamulungu
A Daka anditumizira mutu, ati mwini mbuzi samanidwa mutu. Ndaung'amba bwinobwino. Tsinde la ubongo ndi ili, loyera, lochepa ngati chala. Labwino kuposa la m'buku, koma womuonetsa palibe.

Mkazi wanga pafoni: "Nanga lipoti? Tikonze nyumba?"

Ndamuuza kuti ndibwera pa holide, ngati chaka chatha. Wangoti "oho."

Mutu uli pamoto. Mchere watha.