Tsiku Lomwe Ndinajambula Apongozi Katatu

Pali nkhani zina zofunika kupita nazo kumanda, koma poti mkazi wanga Asiyatu anaiwanditsa kale iyi kuyambira pa Boma mpaka ku Liwaladzi, bola ndiinene ndekha.

Ntchito yanga ndi yojambula anthu pa ekisireyi. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene pa kachipatala kena kuno kunyanja, komwe tinkagwiritsabe ntchito mafilimu otsukira m'chipinda chamdima. Lamulo lake ndi losavuta. Cheza cha makina chikachuluka filimu imada, chikachepa imayera. Wonenepa amafuna chambiri, woonda chochepa. N'chifukwa chake usanakhudze batani lililonse umayamba wayeza chifuwa cha wodwala ndi kachitsulo koyezera, kenaka n'kuona pa tchati chapakhoma. (Funso limeneli pa mayeso ndinakhoza, musaganize kuti satifiketi ndinagula.)

M'mawa wina, Mwera ukuomba, chitseko chinatseguka. Analowa Asiyatu, pambuyo pake mayi ake. Apongozi anga enieni! Anali atatsokomola mwezi wathunthu ndipo banja lonse linkaopa chifuwa chachikulu, matenda omwe anatenga amuna awo. Akuluakulu anga a pantchito anali ku maliro. M'bokosi munali mutatsala mafilimu atatu okha, ndipo zoti ena abwera liti ankadziwa ndi Mulungu.

Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Chikwatirireni ndinali ndisanawaonepo nkhope bwinobwino. Ndiye ine ndiwauze kuti avule? Ndiwapanitse kachitsulo pachifuwa? Ndinangoba diso. Ndinaona chimunthu chodzaza pakhomo, ndipo mumtima ndinati apa mpofunika cheza cha anthu awiri.

"Auzeni ayang'ane kukhoma, akumbatire bolodi la filimulo," ndinauza Asiyatu, maso ali pansi. "Apume kwambiri, agwire mpweya." Kenaka ndinamutulutsa panja n'kudina.

Filimu inatuluka yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Mapapo osaoneka, nthiti zongoganizira.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati makina azizidwa ndi Mwera (ndinanenadi zimenezi, mokweza), ndipo ndinatsitsa batani mpaka pansi penipeni. Yachiwiri inatuluka yoyera mbuu. Bwenzi mutati ndajambula thumba la ufa.

Apa thukuta linayamba, kuzizira konse kuja. Filimu imodzi yatsala. Ndikaiononga, gogo wodwala akwere minibasi kukafuna chipatala china, ndipo cheza ndawamwetsa kale kawiri popanda phindu. Manyazi ndinali nawo, koma mantha ndiwo anakula. Ndinaima pakati pa chipinda ngati mbuzi yogulitsa.

Ndipo mawu anamveka kuchokera kukhoma kuja. Sanatembenuke ayi, amalankhula ndi bolodi.

"Bambo a Yusufu."

Ndinatsala pang'ono kugwada. Aka kanali koyamba kundiitana okha, osadzera mwa mwana wawo.

"Wawa, amayi."

"Anzanga amene munawajambula amati mumayamba mwawayeza. Ine bwanji simunandiyeze?"

"Ndimati... ulemu, amayi."

"Ulemuwo udzandipeza kumanda? Kuno ndi kuchipatala. Upongozi tausiya pageti, tiutenga potuluka. Itanani mkazi wanuyo andithandize."

Asiyatu analowa, ntchito n'kuyambika, ine nditayang'ana kudenga. Inachoka jekete ya malemu. Inachoka juzi. Inachoka juzi inanso. Zitenje ziwiri, mpango wa m'khosi. Atawaveka gauni ya chipatala, chimunthu chija chinali chitathera pampando, ndipo pabolodi panaima kagogo koonda, mapewa ngati a mwana wa sukulu. Mtima unandiwawa. Matenda anali atawadya chonchi, ine n'kumawaona ngati onenepa.

Ndinawayeza. Ndinaona pa tchati. Ndinaonanso kachiwiri. Iwo anati "Bisimilahi", ine n'kudina.

M'chipinda chamdima ndinapemphera mapemphero a mipingo yonse. Filimu itatuluka, nthiti zinali kuwerengeka, mtima pamalo pake, ndipo m'munsi mwa phapo lakumanja munali kamtambo koyera. Adokotala ataiunika anati chikuoneka ngati chibayo, ndipo makhololo atayezedwa anatsimikiza kuti si chifuwa chachikulu. Asiyatu analira pakhonde pomwepo. Patapita masabata angapo, apongozi anali kumunda akuzula chinangwa.

Lero sindijambula munthu osamuyeza, kaya ndi shehe, kaya ndi m'busa. Koma upongozi anautengadi pageti monga ananenera. Tikakumana pa kanjira ka kwawo ndimapatukabe n'kulowa m'chinangwa, maso pansi. Iwo amangodutsa. Akafika pomwe ndabisalapo amatsokomola kamodzi, mwadala, ndipo ndimawamva akuseka mpaka kunyumba.