Ovololo Inapita Yokha Kunyumba

Anzanga, zimene ndalota usiku wathawu musandiseke nazo, ngakhale ndikudziwa kuti museka ndithu.

Ndinalota ndili ku famu, m'nyumba ija ya pulasitiki yomwe timalimamo maluwa, ndangomaliza kupopera mankhwala, ndiye duwa lina lofiira linayetsemula. "Pepa," ndinatero. Duwalo n'kuti, "Udzipepese wekha, Binwelo. Ife mawa tikwera ndege, nanga iwe ukwera chiyani?" Zoonadi, ine ndi njinga yomwe ndilibe.

Mwadzidzidzi ovololo yanga inandivula. Inde, iyoyo ndiyo inavula ine, n'kundikoleka pa msomali paja amati tizisiyapo zovala zantchito tikamaweruka. Mukundidziwa, msomali umenewo sindinaukhudzepo. Ovololo ndimapita nayo kunyumba, ndipo ndimadzera dala pamsika kuti anthu aone kuti mwamuna uyu ali pantchito. Ndiye iyo njira inaiphunzira. Inanyamuka yokha, ikuyenda monyang'wa ngati mwini wake, mankhwala akudontha m'mbuyo, udzu n'kumafota pomwe yadutsa.

"Ikupita kuti?" ndinafunsa akapitawo athu, a Kamtedza. Iwo anali atasanduka bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina kwa bwana. "Kwanu, kwa make Sigele," anatero. "Si ndiko imachapidwa?" Atangomva galimoto ya alendo anasintha mtundu, n'kuyamba kugawa magolovesi kwa aliyense, ndi agalu omwe.

Ndinadzikolowola pa msomali paja n'kuliyatsa liwiro ndi kabudula wam'kati yekha. Pachipata ndinakumana ndi woyendera zaumoyo, ali kamba wovala tayi. "Bwana, thandizeni, ikupita kwa mwana wanga!" Iye n'kuti, "Ndikubwera, bambo. Ndinanyamuka chaka chatha."

Ndiye ndinapezeka pamsika, amayi ogulitsa tomato akuiombera m'manja ovololo ija. "Mwaswera bwanji, bambo a Sigele?" Ine mwini wake ndikudutsa, palibe ndi mmodzi yemwe anandizindikira. Kunena zoona zinandiwawa, moti ndinaima kaye kuti ndidandaule bwinobwino, za mwana n'kuiwala. Ndine munthu wotero.

Mwadzidzidzi msewu unasanduka madzi oyera ngati mkaka, a fungo lija limatipweteketsa mutu masana. Pamwamba pake pakuyandama beseni lathu lobiriwira, limodzi lokhalo tili nalo, lochapira ndi losambitsira mwana. M'katimo muli Sigele, akuseka, akumenya madzi ndi timanja take, ovololo itamufungatira ngati ndiyo atate ake. Beseni linandiyang'ana n'kuti, "Ine ndimalandira zomwe mwandipatsa, achimwene. Sindisankha." Pakhungu pa mwanayo panayamba kuphuka timaluwa tofiira, ndendende tizidzolo tija takhala tikuti n'kutentha chabe. Mantha anandigwira. Ndinati ndikuwe, m'kamwa munangotuluka masamba.

Ndiye ndinamva khuvu, khuvu, khuvu. Ndinadzidzimuka, kunja kwayera kale. Anali make Sigele pakhonde, akuchapa ovololo yanga m'beseni lija.

"Mwadzuka?" anatero. "Bweretsani mwanayo, ndikangotha apa ndimusambitsiremo."