Kupulumutsa Mwana Amene Sanamire

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma mnzanga Nachisale wayamba kale kuifalitsa m'dera lathu la Barking, ndiye bola muimve kwa mwini wakene iye asanaikokomeze. Ndi yochititsa manyazi, ndipo manyaziwo ndi anga.

Mwana wanga Tadala amaphunzira zoimba pa yunivesite ina muno mu London. Amaimba chelo, chivayolini chachikulu chija choimika pakati pa miyendo, chimene chimatidanitsa ndi anthu m'sitima. Chaka chilichonse yunivesite yawo imakhala ndi nyengo ya makonsati a timagulu ting'onoting'ono, anthu anayi kapena asanu, opanda ng'oma, opanda woimbitsa. Gulu limodzi limakhala la ophunzira. Chaka chino wa chelo wa gululo anathyoka dzanja, ndipo aphunzitsi anati Tadala ayesedwe pa konsati imodzi. Akachita bwino, mpando ndi wake nyengo yonse. Akalephera, panali ena atatu akudikira.

"Mum, please," anatero pondipatsa matikiti awiri. "Mukafika mungokhala pansi. No clapping mpaka ena ayambe."

Zinandiwawa. Ine ndatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu zaka khumi ndi ziwiri, ndiye kamwana ka dzulodzuloli kandiphunzitse khalidwe la pa nyimbo?

Lachitatu masana ndinapita ndi Nachisale, mnzanga amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba. Tinasinthitsa mashifiti, tinatchena, tinafika nthawi yabwino. Holo inali yaing'ono, yodzaza azungu a imvi, zii ngati m'chipatala. Nachisale anayesa kusenda switi. Bambo wina kutsogolo kwathu anatembenuka n'kumuyang'ana, switi ija inabwerera yokha m'chikwama.

Oimba asanu analowa, nyimbo n'kuyamba. Tadala ankakoka uta wake woimbira chelo bwinobwino, ine mtima uli m'malo. Atamaliza chigawo choyamba sindinaombe m'manja, ndinachita kuwakhalira manjawo. Chachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kudzitama mumtima kuti zachizunguzi n'zosavuta.

Pakati pa chigawo chachitatu, Tadala anasiya kuimba. Anatsitsa uta n'kuuika pa bondo, anzake anayi akupitiriza.

"Mwina dzanja latopa," ndinanong'oneza.

Tinadikira. Mwana osanyamula uta. Maso ali pa pepala, milomo ikugwedezeka pang'onopang'ono.

"Akupemphera," anatero Nachisale. "Asisi, mwana wasochera uyu. She's lost."

Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anaima kutsogolo kwa mpingo kuti anene vesi, vesi n'kumuthawa, ndipo milomo inagwedezeka chomwecho asanayambe kulira. Tsopano mtsikana wa vayolini anamuponyera diso. Wa piyano nayenso anamuyang'ana. Pa mzere woyamba aphunzitsi ake, mayi wamtali wa magalasi, anawerama n'kulemba kanthu pa pepala.

Kwathu munthu akaima kutsogolo n'kusowa mawu, kaya pa maliro kaya pa ukwati, sitimusiya yekha kuti anthu amuonerere. Amayi amayambitsa kolasi, ena n'kulandira, mwini wake n'kupeza mpata wopukuta misozi ndi kutolera nzeru. Ndachitirapo abusa zimenezi, ndachitirapo ana a eni ake osawadziwa n'komwe. Ndilekerenji mwana wobala ndekha?

Ndinayamba ndi kutsokomola. Palibe chinasintha.

"Limba mtima, Tada," ndinatero chapansipansi.

"Shhh," anatero bambo wodana ndi switi uja.

Kenako wa vayolini anakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, n'kukweza chibwano moloza Tadala. Apo ndiye ndinapsa mtima. Mwana wanga akumira, iwe n'kumamunyogodola pagulu?

Ndinaimirira. Ndinaitsitsa kolasi yolimbikitsa ofooka, ndi mawu anga onse a pa maliro. Nachisale, mnzanga wa pa mavuto, anaimirira nane n'kulandira ndi mawu achiwiri, uku akuomba m'manja.

Mzere woyamba wa kolasiyo sitinaumalize. Tadala ananyamula uta, anzake onse anatsitsa mawu, chelo n'kulira chokha, mozama, mokoma, mosanjenjemera ngakhale pang'ono. Iye sanatiyang'ane. Imene inatiyang'ana ndi holo yonse.

"Mwaona, zathandiza," ananong'oneza Nachisale mokondwa.

Koma ine ndinali nditaona nsagwada za mwana wanga, zitalimba ngati za bambo ake akakwiya. Ndinakhala pansi pang'onopang'ono, n'kumukoka Nachisale chitenje. Nyimbo yotsalayo sindinaimve, ndinkangoyang'ana nsapato zanga.

Konsati itatha tinaima pakona, kuseri kwa chitseko. Tadala anatipeza konko, chelo chili kumsana.

"Mum. Ndimawerenga. I was counting."

"Kuwerenga chiyani, mwana'nga?"

"Pepala limanena kuti ndidikire. Forty bars, timagawo ta nyimbo makumi anayi. Ndikaphonya imodzi, tonse tagwa. Ndinali pa thirty-six inu mukuyamba choir."

"Nanga wa vayolini amakunyoza ndi mphuno uja?"

"Amandipatsa sign kuti ndikonzeke."

Zaka zonse zija zonyamula chichelo pa basi, mvula ikugwa, mwana akuyeserera mpaka zala kutuluka matuza, ine n'kudzazitaya ndi pakamwa panga m'mphindi imodzi. Ndinachita mantha enieni, ndipo misozi inalengeza.

Pomwepo aphunzitsi a magalasi aja anatulukira. Akanakhala a kwathu ndikanagwada. Ndinayamba kupepesa, koma Chingerezi chimene ndimalankhula tsiku ndi tsiku ku ntchito chinandithawa, n'kutsala "sorry" yekha, ndipo ndinamunena kasanu.

Anafunsa ngati ndine mayi ake a Tadala. Ndinavomera ngati munthu wovomera mlandu. Iwo anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo m'pamene ndinaona kuti akhala akuseka. Anati aonapo ophunzira akusokonezeka ndi chifuwa cha munthu mmodzi, ena ndi kulira kwa foni. Koma wowerenga molondola kwaya ya mawu awiri ili m'khutu, n'kulowa pa nthawi yake, anali asanamuonepo. Anati munthu wotero samusiya. Mpando ndi wa Tadala nyengo yonse.

Ndinatsamira khoma. Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo ukanazimitsa makandulo a tchalitchi chonse. Ndinamugwira mwana wanga dzanja, iye sanalichotse, ndipo ndinadziwa kuti ndapulumuka.

Tinabwerera pa sitima. Titayandikira Barking, Tadala anatembenuka, akubisa kumwetulira.

"Ndikuuziretu, Mum. Concert ya next month ndikhala chete sixty bars."

Ine ndinagwedeza mutu modzichepetsa. Koma Nachisale maso anawala.

"Sixty? Asisi, imeneyo ndiye tidzamaliza ndime zonse zitatu!"

Ndaphunzira mochedwa kuti si aliyense wokhala chete amene akumira, ena amakhala akungowerenga.