Maliro a Farao wa ku Malemia

Tandiyankhani kaye musanakhazikike: ndi nyumba iti imene mwiniwake amalowamo chagada, chitseko n'kumutsekera anzake? Musakande mutu, ndi bokosi la maliro. Mwana aliyense wa ku Domasi amadziwa zimenezi asanayambe n'kuvala kabudula komwe. Amene sankadziwa anali mmodzi yekha, Tobias wa ku Malemia, munthu wandevu zake.

Tobias anali mbava ya pakamwa. Mukamumva akufotokoza, munkaganiza kuti theka la katundu wa m'boma la Zomba linadutsapo m'manja mwake, chonsecho kunyumba kwake kunalibe ngakhale mpando wotsamira. Ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Eluby, ndipo Elubyyo anali atanena kale pamaso pa ankhoswe kuti ikadzangomvekanso mbiri ya kuba, ukwati watha, bambo atenge jekete lawo azipita kwawo. Kwawoko ndiye kunalibe. Amalume ake anagulitsa malo kalekale n'kupita ku Joni.

Masana ena Tobias anakhala pa kachasu kuseri kwa msika wa Songani ndi anzake awiri. Wina anali Stephano, amene anthu ankamutchula Spana chifukwa chilichonse chomangidwa ankachimasula. Wina anali Hopeson, wodziwika kuti Kandulo, poti anali woonda ndiponso zinthu zikatentha ankasungunuka. Atatuwa anali atangotuluka m'kanyumba koonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, maso akadali ofiira ndi mdima wa mmenemo.

Filimuyo inali ya Farao, koma osati wa ku Sande sukulu uja womira m'nyanja ayi. Uyu akuti anachokera ku nyenyezi, ndipo zimilu zosongoka za ku Iguputo zija si manda koma ndege zoimika. Asilikali ake anali ndi matupi a anthu, mitu ya agalu. Mwiniwakeyo anamukulunga nsalu ngati chilonda n'kumugoneka m'bokosi lagolide. Azungu atalipeza bokosilo analinyamula okha, kukaliika m'nyumba yawo yosungira chuma, n'kukhoma. Apo womasulira filimuyo anangoti, "Abigi adzuka, ayamba kutolera." Denga linatseguka, ndege inatsika, chuma chonse chinapita kumwamba.

"Mwaonamo chiyani mufilimu muja?" anafunsa Tobias.

"Agalu oyenda chilili," anatero Spana.

"Ine mkazi uja wa mutu wa mphaka," anatero Kandulo. "Thupi lokha linali bho."

"N'chifukwa chake mudzafa osauka, aise. Ine ndaonamo dilu. Mbava yopusa imathyola chitseko. Dolo amanyamulidwa ndi eniake, n'kumukhomera m'kati. Kuyambira lero muzinditchula Farao."

Diluyo inali yotere. Pa Songani panali sitolo ya a Watipaso yogulitsa mapulazima, masola ndi mabatire. A Watipaso anali munthu wamtima wabwino, anthu odikira lole ankasungitsa katundu m'sitolo mwawo, ndipo Loweruka ankatseka masana kupita kumunda wawo wa mpunga. Spana ndi Kandulo akasungitse bokosi Tobias ali m'kati, anene kuti muli injini ya chigayo. Akangotseka, Farao adzuke, atsegule chitseko cha kuseri, awiriwo abwere atavala mitu ya agalu yamakatoni, mlonda athawe.

"Nanga ndege?" anafunsa Kandulo.

"Ndege ndi ngolo yokankha yomwe mudzandinyamulirepo. Ukuganiza ngati nkhuku bwanji?"

Kwa kalipentala, Tobias anaumirira kuti bokosi likhale ngati la mufilimu, lotambalala m'mapewa, lopanikiza kumapazi. Kalipentala anamuyang'ana n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

"Ndi luso la ku Iguputo, achimwene. Simungamve."

Analipaka penti yachikasu, n'kujambulapo mbalame zooneka ngati nkhanga zodwala, ndi diso lalikulu pachivundikiro. Pakati pa disolo anaboola kabowo kopumira. Loweruka mmawa, kuseri kwa uvuni wa njerwa, anamukulunga Tobias ndi nsanza zoyera kuyambira kumapazi mpaka kumutu, miyendo pamodzi, n'kusiya mphuno ndi pakamwa. Spana anati kukulungako n'kosafunika. Tobias anati filimu ukamaitsata uziitsata yonse.

Anamugoneka, kuvundikira, kukweza pangolo yokankha, mitu ya agalu n'kuibisa pansi pa bokosi. Ulendo wa ku Songani unayamba.

Atangokwera pamsewu wa tala, wa kabaza amene ankabwera kutsogolo anatsika panjinga n'kuvula chipewa. Minibasi inachepetsa liwiro, dalaivala n'kuzimitsa wailesi. Azibambo amene ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango anaimirira. M'bokosi muja Tobias anamva msewu wonse uli zii, anati mumtima mwake: ulemu wayamba kale.

Kenako anakumana ndi mayi Iness a Mvano, akuchokera ku msika ndi beseni la tomato pamutu.

"Ana inu, mwatinyamulira ndani wopanda nyimbo?"

Spana anatsegula pakamwa kuti anene za injini ya chigayo. Koma mayiwo anali atatula kale beseni, akumangitsa chitenje m'chiuno, azimayi ena akubwera pambuyo pawo manja kumsana. Ndiponso injini ya chigayo siikhala ndi mapewa. Kandulo anasungunuka.

"Ndi a Tobias, mayi."

"A Tobias a kwa Eluby? Dzulo lomweli ndawaona akutsutsana ndi anthu pa bawo. Tavundukulani tione nkhope."

Apa Spana anafuna kuonetsa nzeru. "Musayandikire, mayi. Ndi kolera. Awakulunga kale, atikaniza kutsegula."

M'katimo Tobias anagwedeza mutu. Mfanayu ndinamuphunzitsa ndine, anatero mumtima.

Mayi Iness anabwerera m'mbuyo, beseni lawo n'kulikokera kutali. "Ngati ndi kolera ndiye sagona pakhomo ameneyo. Lero lomwe, dzuwa lisanapendeke. Tembenuzani ngoloyo, molunjika kumanda."

Ngolo inatembenuka. Mayi Iness anayambitsa nyimbo, anzawo anapolokiza, wina anathamanga kukaika masamba pamsewu, wina kukauza a kwa Eluby. Uthenga utafika pa Songani, a Watipaso anatuluka mothamanga pamodzi ndi mlonda wawo, chitseko anangochikoka osakhoma. Sitoloyo inakhala chomwecho tsiku lonse, mapulazima akuyang'ana pamsewu, ndipo mbava zonse za derali zinali pa maliro, ziwiri zikukankha, imodzi itagona.

Kumanda adzukulu, eniake a ntchito yokumba, anati poti ndi kolera, akumbe omwe amugwira kale. Anawaponyera makasu Spana ndi Kandulo, iwo n'kukhala pamthunzi kumaloza. Potsitsa bokosi pangolo, a Morton, mchimwene wake wa Eluby, anaona mitu ya agalu ija.

"Nanga izi?"

"Nkhata," anayankha Kandulo.

A Morton anaiyang'ana mitu ija nthawi ndithu, kenako anaiyika bwinobwino pamwamba pa bokosi.

M'bokosi munatentha ngati mu uvuni. Nsanza zinanyowa, kachasu wa dzulo anayamba kufuna njira yotulukira, ndipo Tobias ankamva khasu lililonse likamenya nthaka. Anaganiza. Akalankhula, Eluby afunsa chimene mwamuna wamoyo akuchita m'bokosi atakulungidwa nsanza, ndipo yankho lake ndi jekete ndi msewu. Akakhala chete, ndi dothi. Koma Farao wa mufilimu uja anagona pansi zaka zankhaninkhani, anyamata ake n'kudzamufukula. Anthu akabalalika, Spana ndi Kandulo afukula, iye akabisale kwa masiku, kenako adzabwere ndi nkhani ya chozizwitsa. Mwina n'kutsegula tchalitchi komwe. Analimba mtima.

Eluby anafika akulira zenizeni, manja pamutu. Azimayi anayesa kumugwira koma anawapulumuka, n'kukagwera pabokosi, khutu lake pafupi ndi diso lojambula lija. Kulira kunaduka pakati ngati wailesi yothera batire. Mphuno ya Tobias inali ndi kamluzu kake popuma, ndipo Eluby anali atagona pafupi ndi kamluzu kameneko zaka zambiri. Anadzuka, kupukuta nkhope, n'kunong'oneza a Morton. A Morton ananong'oneza mkulu wa mpingo, mkulu wa mpingo mayi Iness, ndipo manong'onong'o anazungulira manda onse ngati mbale ya mchere. Tobias sanamve zimenezo. Anangomva kuti kulira kwatha, ndipo zinamuwawa. Basi? Kulira mwamuna ngati ine n'komweko?

"Khomani misomali," anatero Eluby. "Yambiri. Matendawa ndi oopsa."

Anakhoma. Msomali uliwonse Tobias ankaumva m'mano. Kenako mkulu wa mpingo anati woimira banja alankhule mwachidule, ndipo a Morton anakonza pakhosi.

"Sindichulutsa mawu, poti matendawa salola. Mlamu wathuyu tinamulandira ndi jekete limodzi, ndipo watisiyira jekete lomwelo. Ena mumati anali mbava. Ine ndikuti womwalira tisamunamizire. Kuba kumafuna mphamvu, kumafunanso mutu. Uyu chibwerereni kuno anabapo nkhuku imodzi, yachitopa, inamufera m'khwapa asanafike nayo pamsewu."

"Zoona," anavomera anthu.

"Akamalankhula pa mowa tinkangomusiya, poti munthu aliyense amafuna kotsamira. Koma pagulu lawoli, ngati panali wanzeru, ndi Stephano ali m'dzenjemuyu. Mlamu anali wonyamula zikwama."

Spana anasiya kukumba, n'kutsamira khasu. "Poti mwanena nokha, bambo," anatero.

Dothi Tobias akanalipirira. Misomali anali ataipirira kale. Koma izi ayi.

"Bodza limenelo."

Mawuwo anatulukira pa diso lija, opanikizika ngati a munthu wolankhulira m'ndowa.

"Spana sadziwa n'komwe kumene loko amatembenukira. Nanga pampu yothirira ya a Watipaso kudimba kuja anaba ndani? Ndine. Ndekha, pamutu, kuwoloka nayo mtsinje wa Domasi utadzaza. Nanga dilu ya lero ya kusitolo anaiganiza ndani? Spana? Ankangoona agalu ameneyo. Tsegulani kuno ndikuuzeni bwino."

Palibe anathawa. Palibe ngakhale anasuntha phazi. Mkulu wa mpingo anatseka buku la nyimbo n'kuliika m'thumba. Kandulo yekha ndiye anayesa kutuluka m'dzenje, koma anali atakumba mozama kwambiri, ndipo adzukulu sanamupatse dzanja.

Anazula misomali ndi nsonga ya khasu, mosafulumira. Farao wa ku Malemia anadzuka tsonga, nsanza zili nyowe, mutu wa galu umodzi utagwera pamiyendo pake. Anafuna kutuluka mwaulemu ngati mufilimu, manja patsogolo. Koma miyendo inali yomangidwa pamodzi. Anadumpha kamodzi ngati chule, kachiwiri anakagwa chafufumimba pamulu wa dothi lofiira.

Atatukula mutu anaona mapazi a mkazi wake.

"Mayi akunyumba, dikirani ndifotokoze."

"Bambo inu, sindikukudziwani," anatero Eluby. "Mwamuna wanga wamwalira lero ndi kolera. Anthu onsewa ndi mboni, ndipo ine ndalira kale. Achimwene akupatsani jekete la malemuwo, muzikawakumbukira."

Anakonza mpango kumutu n'kukaima ndi azimayi anzake.

Tobias anayang'ana uku ndi uku. Nyumba yapita, mkazi wapita, munda wapita. Chinatsala n'chimodzi chokha, ndipo anachigwiritsa.

"Chabwino. Koma a Morton abweze mawu awo. Pampu ija ndinaba ndine, anthu amve."

A Watipaso anasendera kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Ndiye munali inu, achimwene? Zikomo kwambiri. Inafa kalekale ija, m'kati monse dzimbiri. Ndinkasowa wondichotsera, poti munali mutamanga mavu, aganyu onse ankakana kuiyandikira."

"Mavu?" anatero a Morton. "Ndiye sabata ija anatupa nkhope mpaka maso kutsekeka, akuti dzino?"

"Tinamugulira mankhwala a dzino," anatero Eluby ali chiyang'anire kumbali.

Kumanda saseka, ndi mwambo umenewo. Mayi Iness anayesetsa, anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa okha akugwedezeka. Koma mkulu wa mpingo anaphulika, ndipo zitatero panalibenso woletsa mnzake. Adzukulu anagubuduka pamthunzi paja, a Watipaso anakhala pansi pa dothi akupukuta misozi, ngakhale Spana m'dzenje muja anaseka mpaka kutsokomola.

Apolisi a m'mudzi anafika ndi zingwe zitatu. Awiri anawapeza ali m'dzenje lodzikumbira okha, wachitatu atadzimanga kale kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anapinda zingwe zawo, n'kupempha kuti awabwereke ngolo.