Gasi wa Ndowe kwa Apongozi ku Kaporo

Mpaka lero ndikamapita ku Kaporo ndimatsika minibasi patali, n'kudzera njira ya m'minda ya mpunga kuti anthu asandione.

Ku koleji ndinaphunzira uinjiniya wa magetsi ndi gasi. Nditayamba ntchito ku Karonga ndinapeza chibwenzi, Tusekile. Ulendo woyamba kwawo ku Kaporo ndinaona ng'ombe zili thithithi m'khola, kwinaku mayi ake akutsokomola ndi utsi wa nkhuni. M'malo mokhala chete ngati mlendo, ndinatsegula pakamwa.

"Bambo, ndowe zimenezi ndi moto. Mundipatse mwezi umodzi, amayi aziphikira gasi."

Bambo ake anandiyang'ana. "Ndowe? Chabwino a injiniya, tione."

Ndinapeza mgolo wapulasitiki, paipi ndi kampopi. Ndinasungunula ndowe ndi madzi, n'kudzaza mgolowo mpaka pakamwa (m'mabuku amati muzisiya mpata pamwamba, koma ine ndinkafuna gasi wambiri). Ndinamanga chivundikiro zolimba, n'kuusiya pa dzuwa la ku Karonga lija.

Tsiku loyatsa linali Lamlungu. Bambo aja anabwera kuchokera ku tchalitchi ndi akulu ampingo awiri, onse ali m'masuti. Mgolo unali utafufuma ngati mimba. Ndinauona ndithu, koma ndinati ndiye kuti zatheka.

Ndinatsegula kampopi, n'kuyatsa machesi pa mbaula. Zii. Kachiwiri, zii. Paipi inali itatsekeka ndi ndowe.

"Mwina tiyambe tapemphera," anatero mkulu wina.

Apa m'pamene ndinaganiza zomasula chivundikiro pang'ono. Ndinawauzanso kuti asendere pafupi amve gasi akutuluka (inde, ndinawaitana ndine).

Phuu! Chivundikiro chinakagwera m'khola. Ndowe zowola za mwezi wathunthu zinatikuta tonse anayi, kuyambira kumutu mpaka nsapato. Tusekile analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mayi ake analankhula zambiri m'Chinkhonde, ndipo palibe amene anavomera kundimasulira.

Bambo aja anapukuta magalasi awo ndi chala.

"A injiniya, zimenezi munaphunzira zaka zingati?"

"Zinayi, bambo."

"Ng'ombe zanga zimachita zomwezi osapita kusukulu."

Ukwati unachitikabe, ngakhale akulu ampingo aja anakhala pa benchi yakumbuyo. Ndinaphunzirapo kusiya mpata pamwamba. Zoti ndisiyiretu, ayi. Sabata yatha ndinagula mgolo wina, wachitsulo, ndipo Tusekile akuganiza kuti ndi wosungira madzi.