A Thom ndi Masola Oyang'ana Kummwera

Mumsewu mwathu ku Cowdray Park aliyense ankadziwa kuti a Thom sayang'ana kumpoto. Kalekale ali pantchito m'fakitale ku Belmont, mkulu wawo wobadwa naye, wa ku Ntcheu, anawalembera kalata yowatcha mtchona, woiwala kwawo. Tsiku lomwelo analumbira kuti maso awo sadzaonanso komwe kuli Malawi.

Mpando wawo unkayang'ana kummwera. Mukombi, minibasi ya kuno, ankakhala chammbali ngati munthu wa chithupsa. Vuto linali lakuti mjigo ndi misika zili chakumpoto kwa nyumba yawo, ndiye madzi, mafuta ndi tomato ankakatenga ndi akazi awo, mai Jean. Lumbiro linali la a Thom, koma msana wolinyamula unali wa mai Jean.

Mayiwa ankagulitsa mafirizi, timadzi totsekemera toumitsa m'firiji tija ana amakonda. Magetsi akazima kuyambira m'mawa, zonse zinkasungunuka, iwo n'kuyenda ndi chidebe pamutu kukapempha malo m'firiji ya mnzawo kutali. Mwana wawo Sylvia, amene ali ku Joni, atamva zimenezi anatumiza masola atatu ndi batire, n'kupeza mmisiri dzina lake Thabani kuti awaike.

Mai Jean anaphikira amisiri, n'kundiitana ine woyandikana nawo kuti ndigwire makwerero. A Thom anakhala pampando n'kumalamula, ngakhale chinkachitika kumbuyo kwawo sankachiona. Thabani anafotokoza mwaulemu, Chindebele ndi Chingerezi zosakaniza, kuti kuno dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho masola ayenera kuyang'ana komweko.

"Khulu, si ine, ndi dzuwa," anatero, khulu kutanthauza agogo m'Chindebele.

"Ndiye uliuze dzuwalo lizungulire kuno," anayankha a Thom. "Denga langa silingagwadire Ntcheu."

Thabani anayang'ana mai Jean. Iwo anangopitiriza kutsuka mbale. Masola anaikidwa mbali ya kummwera.

Miyezi yotentha zinayenda ndithu, ndipo a Thom anauza msewu wonse kuti dzuwa lawagonjera. Mafoni a anthu odzatchajitsa ankadzaza patebulo. Wolandira, wokumbukira foni ya yani, wokwera padenga kukapukuta fumbi pamasola ndi madzi otunga okha, anali mai Jean. A Thom ankangolandira zikomo.

Kenako inafika Juni. Dzuwa linatsikira kumpoto, masola anakhala pamthunzi ngati anthu odikira kombi, firiji n'kumangong'ung'udza osaziziritsa kanthu. A Thom anati batire ndi lachinyengo. Anati mitambo ya chaka chino ndi yansanje. Mai Jean anatenganso chidebe chawo chija.

Tsiku lina anabwera bondo litatupa, n'kukhala pansi pakhomo chidebe chili pambali, mafirizi onse asanduka madzi. Anangonena kuti mawa sapita, ndi mkuja womwe. A Thom anayang'ana bondo lija nthawi yaitali. M'mawa mwake anandituma kuti ndiimbire Thabani.

"Atembenuze," anatero. "Koma amene akuyang'ana ndi masolawo, osati ine. Aliyense amve zimenezo."

Ndinagwiranso makwerero. Thabani atamanga sola lomaliza, a Thom anafunsa ali chofulatira, mawu ali pansi, kuti pamwambapo akuona chiyani chakumpotoko. Thabani anati nyumba zosamalizidwa basi, ndi fumbi.

"Yang'anitsitsa, mwana iwe."

"Fumbi lokhalokha, khulu."

A Thom anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za odwala akwawo, n'kupempha tiyi.

A Thom anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Uthenga tinautumiza ku Ntcheu, ndipo yankho linabwera lakuti mkulu wawo uja anatsogola zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Panalibe amene anawauza a Thom, poti adiresi anali atasiya kupereka.

Lero firiji ikuumitsa bwino, ndipo mai Jean masana amagona pang'ono, chinthu chimene sindinachionepo chikhalire moyandikana. Ana amagula mafirizi pawindo n'kuchoka msanga, palibe wowakalipira kuti aimirire mbali ina monga ankachitira a Thom poopa kuyang'ana kumpoto. Dzulo ndinawapeza mayiwa atakhala pakhonde manja ali pamiyendo. Anandiuza kuti nthawi tsopano ali nayo yambiri, koma sakudziwa kuti akwiyire ndani.